Mphindi 14 za ku Chofu: Mphunzitsi ndi Mwana wa Ziwengo

Pa 20 Disembala 2012, mumzinda wa Chofu, m'chigawo cha Tokyo ku Japan, mtsikana wina wa zaka 11 amene anali m'kalasi yachisanu ya pulayimale anakhala pansi kudya chakudya chamasana pamodzi ndi anzake monga mwa masiku onse. M'dziko limenelo ana a pulayimale amadyera m'kalasi mwawo momwemo, amagaŵirana chakudya iwo eni, ndipo mphunzitsi amadya nawo limodzi. Mtsikanayu mkaka unali kumuwenga, pamodzi ndi zonse zopangidwa ndi mkaka, ndipo sukulu inali kudziŵa bwino lomwe zimenezi. Tsiku limenelo ophika anakonza zitumbuwa za mbatata ya kachewere zothira tchizi, koma iye anamkonzera chake chapadera chopanda tchizi. Anadya, ndipo sipanachitike kanthu. Tsono zitumbuwa zina zinatsala, ndipo popeza kalasiyo inali kunyadira kuti sisiya chakudya, mtsikanayo anapempha kuti amuwonjezere. Pepala lochokera kwa makolo linalibe chizindikiro choletsa pa chakudya chimenecho. Pepala lina, lolembedwa ndi woyang'anira zakudya pasukulupo, linali nacho chizindikirocho, koma mphunzitsi sanaliyang'ane. Anampatsa.

Patapita pafupifupi theka la ola mwanayo anati sakupeza bwino. Iye anali kuyenda ndi jakisoni wa mankhwala otchedwa adrenaline, wa mtundu wa EpiPen, wokonzedwa mwakuti ngakhale munthu wamba angathe kubaya pantchafu. Mphunzitsi anamfunsa mwanayo ngati ambaye, ndipo mwanayo anakana. Mphunzitsi anamvera. Pamene mphunzitsi wamkulu anafika nabaya jakisoniyo n'kuti patapita mphindi 14 chiyambire kudandaula kwa mwanayo, ndipo madzulo a tsiku lomwelo anamwalira kuchipatala.

Sindinalembe nkhaniyi kuti tiweruze mphunzitsi uja. Ndikanakhala ine m'kalasi imeneyo, mwana akundikaniza ndi pakamwa pake, ndikhulupirira kuti nanenso dzanja likanandinjenjemera. Ndailemba chifukwa cha chimene bungwe lina la madokotala linachita patapita miyezi 7, ndiponso chifukwa ndili ndi maganizo amene ndifuna kuti inu, aphunzitsi a maŵa, muŵasinkhesinkhe musanapite kukayesera ntchito m'masukulu. Maganizowo ndi aŵa: nzeru za akatswiri a matenda a ana sizimpindulira kanthu mwana wa sukulu kufikira zitaloŵa m'manja mwa mphunzitsi, zitafupikitsidwa kotero kuti angazigwiritse ntchito ali chiimire, mtima ukugunda, ndipo mphunzitsi amene amati zimenezi n'za kuchipatala, iye zake ndi choko ndi bolodi, sanaumvetse udindo wake.

Poyamba tiyeni timvane za nthendayi. Makolo athu anaizindikira kalekale, n'chifukwa chake tili ndi mawu akuti ziwengo, ndi akuti chakudya chakutichakuti chimandiwenga. Thupi la munthu lili ndi chitetezo chake, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Mwa anthu ena chitetezochi chimalakwitsa: chimaona chinthu chosalakwa, monga dzira, mkaka, mtedza, nsomba, fumbi la m'nyumba kapena mungu wa maluŵa, n'kuchiyesa mdani. Dokotala wa ana wa ku Vienna, Clemens von Pirquet, ndiye anapeka dzina lachizungu lakuti allergy m'chaka cha 1906. Zaka 4 m'mbuyo mwake, mu 1902, Charles Richet ndi Paul Portier a ku France anali ataona kuti galu amene anabayidwa ululu wa kanyama kena ka m'nyanja yamchere, napulumuka, anafa mofulumira atabayidwanso pang'ono pokha patapita milungu ingapo. Mtundu woopsa umenewu anautcha anaphylaxis. Gwero lake m'magazi linadziŵika mu 1966 ndi 1967, pamene Kimishige Ishizaka ndi mkazi wake Teruko, Ajapani amene ankagwira ntchito ku Denver m'dziko la America, ndiponso akatswiri ena ku Uppsala m'dziko la Sweden, anapeza msilikali wa m'magazi wotchedwa IgE. Msilikali ameneyu akakumana ndi chinthu chimene anachidinda kuti ndi mdani, amachititsa timaselo tina kukhuthula mankhwala monga histamine. Mankhwalawo akakhuthukira pakhungu pokha, mwana amatuluka zidzolo zoyabwa. Akakhuthukira m'thupi lonse nthaŵi imodzi, kummero kumatupa, njira za mpweya zimapanikizika, mitsempha ya magazi imalefuka kotero kuti magazi safika mokwanira ku ubongo, ndipo zonsezi zingachitike m'mphindi zoŵerengeka.

Galu uja musamuiŵale. Kholo likakuuzani kuti ulendo wina mwana anangotuluka tizidzolo n'kuchira, musaganize kuti ulendo wotsatira zidzathera pomwepo. Palibe amene angalonjeze zimenezo. Dziŵaninso kuti mankhwala oyamba a anaphylaxis ndi amodzi okha, adrenaline wobaya mumnofu wa ntchafu, pakuti ndiye amamangitsa mitsempha ya magazi, kutsegula njira za mpweya ndi kuchepetsa kutupa nthaŵi imodzi. Mbulu wa Piriton, umene ambiri a ife timaudalira, umachepetsa kuyabwa koma sutsegula kummero, ndipo umachedwa kugwira ntchito. Kumwetsa mwana Piriton n'kukhala pansi kudikira ndiko kutaya mphindi zimene zikanampulumutsa.

Bungwe limene ndikunena ndi la Japanese Society of Pediatric Allergy and Clinical Immunology, ndiko kuti bungwe la madokotala a ana a ku Japan odziŵa za ziwengo ndi za chitetezo cha m'thupi. Ntchito yake ndi yonga ya mabungwe ena onse a akatswiri: limakumana chaka ndi chaka, limasindikiza zofufuza za mamembala ake, ndipo limalemba malangizo oti madokotala m'dziko lonse azitsata. Malangizo ake a kachizidwe ka mphumu ya ana anatuluka koyamba mu 2000, ndipo a ziwengo za zakudya anatuluka mu 2005 nakonzedwanso kangapo, monga mu 2016 ndi mu 2021. Chotero pamene ngozi ya ku Chofu inali kuchitika, nzeru sizinali kusoŵa ayi. Kuyambira mu 2008 masukulu a ku Japan anali kale ndi buku la malangizo a za ziwengo, pamodzi ndi fomu yoti dokotala azilembapo za mwana aliyense. Boma linali litafotokoza kale kuti mphunzitsi wobaya mwana jakisoni wotere pangozi sakuswa lamulo la zachipatala. Buku linalipo, lamulo linali kulola, mankhwala anali pafupi, dziko lake lolemera ndi la zipatala zabwino. Komabe mphindi 14 zinapita. Chimene chinasoŵa chinali yankho lalifupi la funso limodzi: kodi ndikaona chiyani ndibaye, osafunsanso munthu?

Mu Julayi 2013 bungwe lija linayankha funso limeneli. Linatulutsa tsamba limodzi, lolembera anthu wamba osati madokotala, lokhala ndi zizindikiro 13. Ziŵiri ndi za m'mimba: kusanza mobwerezabwereza, ndi kupweteka kwa m'mimba kosalekeza kumene mwana sangathe kupirira. Zina 6 ndi za kupuma: kumva kuthina kummero kapena pachifuwa, kusasa mawu, chifuwa chonga kuuwa kwa galu, kutsokomola kwamphamvu kosalekeza, kupuma kwa likhweru, ndi kubanika. Zotsala 5 ndi za thupi lonse: milomo kapena zikhadabo kuyezuka, kugunda kwa mtima kosamveka bwino padzanja kapena kodumphadumpha, kusokonezeka mutu, kulefuka kwa thupi lonse, ndi kudzikodzera kapena kudziipitsira. Ndipo lamulo lake ndi limodzi: mwana amene dokotala anamlembera jakisoniyo, ngati akuganiziridwa kuti ziwengo zamgwira ndipo waonetsa chimodzi chokha mwa zimenezi, abayidwe.

Tsamba limeneli ndaliŵerenga kangapo, ndipo chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi zimene linasiya. Silikupempha mphunzitsi kuti adziŵe dzina la nthenda. Silikumuuza kuti adikire zizindikiro ziŵiri kapena zitatu. Zidzolo ndi kutupa kwa khungu, zimene ife anthu wamba timathamangira kuyang'ana, mulibemo n'komwe, pakuti khungu palokha silipha, ndipo mwana angathe kukhala pangozi yaikulu khungu lili losalala. Silikunenanso kuti mwana ayambe wavomera. Mwana wa zaka 11 amene mpweya ukumtheraa, mutu ukuzungulira, ndiponso akuopa singano monga ana onse, si munthu womsenzetsa chiweruzo cha moyo wake. Madokotalawo anadziŵa kuti pofupikitsa chotero ana ena adzabayidwa pamene sikunali kofunikira kwenikweni. Anaŵerengera, naona kuti kuvulaza kwa jakisoni wosafunikira n'kochepa poyerekeza ndi kuvulaza kwa kuchedwa, ndipo mtolo wa kulakwitsa koteroko anausenza iwo eni kuti uchoke paphewa la mphunzitsi.

Inu amene mwayamba kulemba mapulani a phunziro mukudziŵa kale kuti kufupikitsa ndi ntchito yovuta kuposa kutalikitsa. Munthu wophunzira kwambiri amakonda mawu akuti koma, nthaŵi zina, malinga ndi. Amaopa kunena chinthu chachindunji kuti anzake angamseke kuti wasiya mbali ina. Bungwe la akatswiri kuvomera kusaina dzina lake pansi pa mizere 13 yopanda koma ndi kudzichepetsa kosoŵa, ndipo kwa ine tsamba limeneli lipambana mabuku onse aakulu amene bungwelo linasindikiza, ngakhale kuti popanda mabukuwo tsambalo silikanalembeka.

Boma la Japan nalo linatsata njira yomweyo. Mu 2014 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lapadera la matenda a ziwengo, ndipo mu Malichi 2015 unduna wa zamaphunziro unatulutsa malangizo a chakudya cha kusukulu. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti chakudya chimene chimawenga mwana, sukulu izimpatsa kapena isampatse konse. Pasakhale zakuti uyu supuni imodzi, uyo theka la kapu, winayo pokhapokha chikaphikidwa. Kwa mwana amene kunyumba amadyako pang'ono popanda vuto lamuloli n'lolemetsa, ndivomera. Koma kumbukirani kuti ku Chofu chimene chinayambitsa ngozi chinali mapepala aŵiri onena zosiyana. Pamene pali anthu ambiri ndi changu, dongosolo lokhala ndi nthambi zambiri ndilo limathyoka.

Tsopano ndikumva wina wa inu akuti: zimenezo n'za ku Japan, ife kuno tili ndi malungo, njala, likodzo ndi kutsekula m'mimba, ndipo kalasi imodzi muli ana 80 kapena 100, tiyambenso kudandaula ndi matenda a anthu okhuta? Funsoli si lopusa, ndipo mbali ina ndi loona. Kafukufuku wa ku South Africa amene anasindikizidwa mu 2019 anapeza kuti mwa ana a chaka chimodzi mpaka zitatu a mumzinda wa Cape Town, 2.5 pa 100 alionse anali ndi ziwengo zenizeni za zakudya, pamene mwa ana a kumidzi ya ku Eastern Cape anali 0.5 pa 100 okha. Chotero mphunzitsi wa kumudzi sadzakumana nazo kaŵirikaŵiri monga mnzake wa m'tauni, ndipo sindifuna kuti mutuluke m'koleji muno mukunjenjemera ndi kapu iliyonse ya phala. Koma taŵerengani bwino: 0.5 pa 100 ndiye kuti mwana mmodzi mwa 200, ndipo ndi masukulu angati a pulayimale amene ali ndi ana osakwana 200? Kuwonjezera apo, chiyambire 2002 pamene bungwe la Mary's Meals linayamba ntchito yake m'Malaŵi muno, ndiponso mabungwe ena ndi boma akuchita chimodzimodzi, phala la chimanga ndi soya lakhala gawo la tsiku la sukulu kwa ana ambirimbiri. Phalali n'dalitso, ndipo labweza m'kalasi ana amene njala ikanaŵasunga kunyumba. Koma walira mvula walira matope. Sukulu imene imadyetsa ana yaloŵa m'ntchito imene kale inali ya mayi, ndipo mayi amadziŵa chimene chimawenga mwana wake. Soya ndi mtedza zili m'gulu la zakudya zimene zimawenga ana ena. Njuchi ndi mavu nazo sizisankha tauni kapena mudzi.

Komatu nthenda ya m'banja lomweli imene mudzakumana nayo ndithu, kulikonse kumene adzakutumizeni, ndi mphumu. Mu 2024 kunasindikizidwa kafukufuku wochitidwa m'masukulu a m'mizinda 6 ya mu Africa, ndiyo Blantyre, Durban, Harare, Kampala, Kumasi ndi Lagos. Mwa ana oposa 27,000 amene anafunsidwa, pafupifupi 12 pa 100 alionse ananena kuti m'chaka chapitacho anali atapumapo mwa likhweru, ndipo mwa iwowo mmodzi yekha mwa 5 ndiye anali atauzidwapo ndi achipatala kuti ali ndi mphumu. Ena onsewo ali m'makalasi mwathu opanda dzina la nthenda yawo ndi opanda mankhwala, ndipo dzina limene ife aphunzitsi timaŵapatsa ndi lakuti aulesi.

Ndinaziona ndi maso anga tsiku lina m'nyengo yozizira, nditapita kukayendera ophunzira athu pasukulu ina. Mnyamata wina wa Sitandade 5 anafika mochedwa, ndipo wophunzira wathu, mphunzitsi wakhama ndi wokonda ana, anampatsa chilango chozoloŵereka: kusesa kalasi yapansi pafumbi anzake ali panja, mazenera ali otseka. Pamene ndinali kuloŵa kuti ndikhale kumbuyo ndinampeza mwanayo atatsamira desiki ndi manja onse aŵiri, mapewa ali m'mwamba, akupuma ngati akuimba mluzu. Nditamfunsa dzina analitchula m'zidutswa ziŵiri, pakati akupuma. Mphunzitsiyo anati mwanayo amatero nthaŵi zonse akapatsidwa ntchito. Anali kunena zoona, koma tanthauzo lake analitembenuza: ntchito zimene ankampatsa, kusesa, kufufuta bolodi, kutentha zinyalala, kuthamanga m'maŵa kukuzizira, ndizo zimene zimadzutsa mphumu. Ndipo kuchedwa kwake kunali chifukwa chakuti usiku sanagone ndi chifuwa. Wophunzira wathuyo sindinamdzudzule kwambiri, pakuti m'maphunziro onse amene ife tinampatsa munalibe ola limodzi la zimenezi. Cholakwa chinali chathu.

Nanga tsono mphunzitsi wa kuno atani, popeza m'masukulu athu ambiri mulibe EpiPen, ndipo adrenaline amapezeka kuchipatala? Achite chimene madokotala a ku Japan anachita: aganiziretu zinthu zisanachitike, ndipo alembe patsamba limodzi. Mlungu woyamba wa chaka, pamene mukulemba maina m'kaundula, funsani makolo kapena ana eni m'chinenero chawo. Musafunse kuti kodi mwanayu ali ndi allergy, pakuti adzakuyankhani kuti ayi. Funsani kuti kodi pali chakudya kapena mankhwala amene amamuwenga, kodi anatupapo nkhope kapena milomo atadya kanthu kapena atalumidwa ndi njuchi, kodi amabanika usiku kapena akathamanga, kodi anagonekedwapo m'chipatala chifukwa cha chifuwa. M'kalasi ya ana 90 mwina mudzapeza maina oŵerengeka okha. Ameneŵa alembeni patsamba limodzi kumapeto kwa kaundula: dzina, chimene chimamuwenga, mankhwala amene ali nawo, ndi munthu womuitana. Tsambalo likhale limodzi. Amayi ophika phala, mphunzitsi wamkulu ndi mnzanu amene adzakugwirireni kalasi mukadwala aone tsamba lomwelo, osati wina lake wina lake. Ndipo mwana aliyense amene ali patsambalo koma sanaonedwepo ndi achipatala, limbikitsani makolo kuti apite naye, kapena lankhulani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo.

Pansi pa mainawo lembani za ulendo. Kodi chipatala chapafupi chili kuti? Ndani ali ndi galimoto, njinga yamoto kapena ngolo, ndipo nambala yake ya lamya ndi iti? Ndani adzathamanga, ndani adzatsala ndi ana ena? Mafunso ameneŵa amaoneka achibwana pamene zinthu zili bwino, koma yesani kuŵayankha mwana ali gone pansi, anzake 89 akukuwa. Ngati mwana amene wangodya kanthu kapena wangolumidwa aonetsa chimodzi mwa zizindikiro zija, mgonekeni chagada, miyendo ili pamwamba pa desiki kapena chikwama. Ngati akubanika kwambiri mloleni akhale tsonga miyendo atatambasula. Ngati akusanza kapena wakomoka mgonekeni cham'mbali. Musamuimiritse ndipo musamuyendetse. Apa ndi pamene chifundo chathu chimatisokeretsa, pakuti mtima umatiuza kuti timgwire padzanja tipite naye ku ofesi. Koma munthu amene mitsempha yake yalefuka akaimirira mwadzidzidzi magazi amatsikira kumiyendo, mtima n'kusoŵa chopopa. Mnyamuleni ali chigonere. Musammwetse madzi, mkaka kapena mafuta, ndipo musamsanzitse. Lembani nthaŵi imene zinayamba ndi chimene anadya, ndipo mukafika kuchipatala nenani zimenezo pakhomo pomwe, musakhale pamzere. Chimodzi cha tsamba la ku Japan tiyenera kuchikonza: pakhungu lathu lakuda kuyezuka sikuoneka msanga pankhope, chotero yang'anani m'kati mwa milomo, lilime, zikhatho ndi zikhadabo.

Za mwana wa mphumu, choyamba n'chakuti mankhwala ake opopera m'kamwa, amene ambiri amangoti inhaler, azikhala m'thumba mwake, osati m'kabati ya mphunzitsi wamkulu amene wapita kumsonkhano ndi makiyi. Akayamba kubanika mkhazikeni tsonga pamalo a mpweya wabwino, balalitsani anzake, ndipo apope monga anamlangizira achipatala. Ana ambiri amalephera kupopa ndi kukoka mpweya nthaŵi imodzi, mankhwala n'kuthera palilime. Mu 1999 dokotala wa ana Heather Zar ndi anzake ku Cape Town anaonetsa kuti botolo lapulasitiki la 500 ml, loboola kunsi n'kuloŵetsamo inhaler mothina bwino, limathandiza mankhwala kufika m'mapapo mofanana ndi chida chogula chokonzedwera ntchito imeneyo. Pemphani achipatala akuonetseni kakonzedwe kake, pakuti ndi luso la theka la ola. Ngati mwana sangathe kumaliza chiganizo, ngati pakati pa nthiti pakuloŵa m'kati popuma, kapena ngati mankhwala sanathandize, ameneyo ndi wa kuchipatala nthaŵi yomweyo. Ndipo masiku amene ali bwino musamchotse m'maseŵera. Mwana wa mphumu yosamalidwa bwino amathamanga ndi kumenya mpira monga wina aliyense. Msiyanitseni ndi tsache ndi utsi, osati ndi anzake.

Ndiyenera kuchenjezanso za mbali inayo, chifukwa munthu akangophunzira chinthu chatsopano amayamba kuchiona paliponse. Si chidzolo chilichonse chimene chili chiwengo. Mphere ndi chipere ndi matenda opatsirana, ofuna mankhwala awoawo. Chikanga, mphumu ndi ziwengo sizipatsirana, ndipo mwana wa chikanga sayenera kukhazikidwa yekha pakona. Kusiyanitsa zimenezi ndi ntchito ya achipatala. Makamaka musauze kholo kuti lileke kupatsa mwana mazira, mtedza, usipa kapena mkaka chifukwa chakuti inu mwaganiza. M'dziko limene ana ambiri sakula bwino chifukwa cha kupereŵera kwa zakudya zomanga thupi, kuchotsa zakudya zimenezi popanda umboni ndiko kuvulaza mwana m'dzina la kumteteza. Ku Japan komwe sukulu sichotsa chakudya popanda fomu ya dokotala. Palinso ana ena oŵerengeka amene chitetezo chawo sichilakwitsa mdani koma n'chofooka chibadwire, kotero kuti chibayo, mafinya a m'khutu ndi zithupsa zimangobwererabwerera. Dokotala wa ku America, Ogden Bruton, anafotokoza nthenda yoyamba ya mtundu umenewu mu 1952. Inu simudzaidziŵa ndi maso, ndipo musathamangire kunong'ona za kachilombo ka HIV kapena za ufiti. Koma kaundula wanu ndiye amaonetsa mwana amene wajomba milungu iŵiri teremu iliyonse ndi nthenda yomweyomweyo, ndipo kalata yanu yaifupi yonena masiku amenewo ingathandize dokotala kuona chimene sakanachiona paulendo umodzi.

Kwa madokotala a ana a kuno kwathu ndi mabungwe awo, pempho langa ndi laling'ono. Tilembereni tsamba limodzi, m'Chicheŵa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zinenero zina, lolingana ndi sukulu imene ili kutali ndi chipatala ndipo ilibe jakisoni, ndipo musaine dzina la bungwe lanu pansi pake kuti mphunzitsi wolitsata asaope mlandu. Ife a m'makoleji tilipezere ola m'ndandanda ya maphunziro, ndipo ola limenelo likhale lochita ndi manja, wina atagona pansi, wina akuthamanga, wina akuyang'ana wotchi, monga timachitira poyesera kuphunzitsa.

Pakali pano inu musadikire. Ndikadzabwera kudzakuyenderani teremu ikubwerayi ndidzaona sikimu, ndidzaona pulani ya phunziro ndi zipangizo zophunzitsira monga mwa nthaŵi zonse. Ndikadzatha ndidzatsegula kaundula kumapeto kwake, ndidzaloze dzina limodzi, ndipo ndidzakufunsani kuti mwana ameneyu wakhala pati m'kalasi muno, ndi kuti njinga yamoto ya pafupi ndi ya yani.